Mbiri ya John Kirk: Dokotala wa pa Zambezi amene anadziwitsa asing'anga a kunja za kombe

LIVINGSTONE – Mzinda wa Livingstone umatchedwa ndi dzina la munthu mmodzi, koma pamene a David Livingstone anafika kachiwiri pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Ogasiti 1860 sanali okha. Anali ndi mng'ono wawo a Charles Livingstone, gulu la Amakololo amene ankabwerera kwawo, ndiponso dokotala wa ku Scotland wa zaka 27, a John Kirk.

A Kirk amakumbukiridwa kwambiri chifukwa cha pangano la mu 1873 limene linatseketsa msika wa akapolo ku Zanzibar. Koma kwa akatswiri a zamankhwala dzina lawo limayendera limodzi ndi kombe, chomera choyanga chimene alenje a Chimang'anja ankapangira ulembe wopaka ku mivi. Kuchokera ku kombe kunatuluka mankhwala a mtima, ndipo mankhwala a mtundu umenewo ndiwo anathandiza asayansi kuzindikira enzaimu ina imene ili m'thupi la munthu ndi la nyama, imene ngakhale chilengedwe chimalephera kuisintha mwachisawawa.

Mwana wa mbusa

A Kirk anabadwa pa 19 Disembala 1832 ku Barry, m'dera la Angus, kum'mawa kwa dziko la Scotland. Bambo awo anali mbusa wa mpingo. Anaphunzira za udokotala pa yunivesite ya Edinburgh ndipo anamaliza maphunzirowo mu 1854. M'masiku amenewo dokotala ankafunika kudziwa bwino zomera, pakuti mankhwala ambiri ankachokera ku makungwa, mizu, masamba ndi njere. A Kirk anakonda kwambiri mbali imeneyi ya maphunziro awo.

Mu 1855 anapita kukathandiza pa chipatala china m'dziko la Turkey, pafupi ndi Dardanelles, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea. Akapeza mpata ankatola zomera ndi kujambula zithunzi, luso limene linali lachilendo nthawi imeneyo. Motero pamene boma la Britain linkakonza ulendo wa pa Zambezi mu 1858, a Kirk anasankhidwa kukhala dokotala wa gululo komanso wofufuza zomera zimene zikanatha kubweretsa malonda. Anali ndi zaka 25.

Pa Zambezi ndi pa Shire

Cholinga cha ulendowo chinali kutsegula mtsinje wa Zambezi kuti sitima zizilowera m'kati mwa Africa. Chaka cha 1858 chisanathe, maganizo amenewo anali atafera pa mathithi a Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, kumene lero kuli damu la Cahora Bassa. Sitima yawo yotchedwa Ma Robert sikanatha kudutsa pamenepo. Gululo linatembenukira ku mtsinje wa Shire, ndipo mu Epulo 1859 a Livingstone ndi a Kirk anafika ku nyanja ya Chilwa. Mu Seputembala chaka chomwecho anaona nyanja ya Malawi.

Malo amene ankasiya sitima anali pa mudzi wa mfumu Chibisa, pafupi ndi pamene lero pali boma la Chikwawa. Kumeneko a Kirk anachita chidwi ndi mivi ya alenje. Kumbuyo kwa chitsulo cha muvi kunkapakidwa phala lakuda, ndipo nyama yolasidwa inkathawa kwa kanthawi kenaka n'kugwa. Alenje ankaitsatira mwakachetechete, akaipeza n'kudula mnofu wozungulira bala n'kutaya, nyama yotsalayo n'kudya popanda vuto.

Ulembewo unkachokera ku njere za kombe. Chomerachi chimayanga m'mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango zotentha, ndipo chimabala zikhokhombe zazitali ziwiriziwiri zooneka ngati nyanga za ng'ombe. M'kati mwake mumakhala njere zokhala ndi ubweya umene mphepo imaulutsira kutali. Nzeru yosinja njerezo ndi kuzisakaniza kuti zimatirire ku muvi inali ya eni dziko, ndipo siinali yongouza mlendo aliyense. Olemba mbiri amanena kuti munali mu 1859, kwa Chibisa komweko, pamene a Kirk anatsimikiza chomera chenicheni.

Buku la ulendowu, limene a David ndi a Charles Livingstone anatulutsa mu 1865, limasimba zimene zinachitika pambuyo pake. A Kirk anasunga kombe pang'ono m'thumba momwe munalinso mswachi wawo. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anayamba aganiza kuti ndi kwinini. Nthawi imeneyo anali ndi chimfine ndipo mtima wawo unkagunda mofulumira, koma anazindikira kuti kugundako kwatsika. Munthu wina akanangolavula n'kuiwala. A Kirk, pokhala dokotala, anaona kuti chimene chimapha nyama poimitsa mtima chikhoza kuthandiza mtima wodwala ngati muyezo wake uli wochepa kwambiri. Anatumiza njere ndi zitsanzo za chomeracho ku Britain.

Ulendo wa ku Mosi-oa-Tunya

Mu Meyi 1860 gululo linanyamuka ku Tete wapansi, kuperekeza Amakololo amene a Livingstone anawasiya kumeneko mu 1856. Anafika pa mathithi mu Ogasiti, madzi atachepa. Anawoloka pa bwato kupita pa chilumba chimene chili pakamwa penipeni pa phompho, chimene lero chimatchedwa Livingstone Island, ndipo anayesa kuya kwa phomphoko potsitsa chingwe chomangirira zipolopolo ndi kansalu koyera. Lero n'zodziwika kuti mathithiwa ndi otambalala pafupifupi mamita 1,700 ndipo malo ena madzi amagwa mamita oposa 100.

Kuchoka apo anapita ku Sesheke, kumene anapeza mfumu Sekeletu ikudwala nthenda ya pakhungu. A Kirk ndi a Livingstone anaipatsa mankhwala ndipo inapezako bwino kwa kanthawi. Sekeletu anamwalira mu 1863, ndipo chaka chotsatira Alozi anagwetsa ufumu wa Amakololo. Ena mwa anthu amene anatsikira kumunsi ndi a Livingstone anakhazikika m'chigwa cha Shire n'kukhala mafumu pakati pa Amang'anja, ndipo maina monga Kasisi, Katunga ndi Maseya alipobe m'boma la Chikwawa.

Pobwerera, mu Novembala 1860, bwato la a Kirk linagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa. Iwo anapulumuka, koma zolemba zawo, zojambula za zomera ndi zipangizo zinapita ndi madzi. Zaka zotsatira zinali zowawa. Malungo anapha Bishopu Charles Mackenzie mu Januwale 1862, ndipo pa 27 Epulo chaka chomwecho Mayi Mary Livingstone anamwalira ku Shupanga, a Kirk atayesetsa kuwathandiza. M'chigwa cha Shire munali njala ndi nkhondo za ogwira akapolo. M'mabuku awo a tsiku ndi tsiku, amene anasindikizidwa mu 1965, a Kirk anadandaula kuti mtsogoleri wawo ankaika miyoyo ya anthu pachiswe, ngakhale kuti pagulu sanamunyoze. Anachoka pa ulendowo mu 1863 atafooka ndi matenda.

Zaka 20 ku Zanzibar

Mu 1866 a Kirk anatumizidwa ku Zanzibar monga dokotala pa ofesi ya kazembe wa Britain, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhala kazembe wamkulu. Mu 1867 anakwatira a Helen Cooke. Msika wa akapolo wa pachilumbapo unkalandira anthu ambiri ochokera kufupi ndi nyanja ya Malawi, odzera pa doko la Kilwa. Kumayambiriro kwa 1873 nthumwi ya Britain, a Bartle Frere, inalephera kukopa Sultan Barghash kuti aletse malondawo. A Kirk anapitiriza zokambiranazo, ndipo atachenjeza kuti sitima zankhondo zitseka chilumbacho, pangano linasainidwa pa 5 Juni 1873. Msikawo unatsekedwa, ndipo pamalo pake panamangidwa tchalitchi chachikulu cha Anglican. Malondawo anapitirirabe mobisa kwa zaka zambiri, koma anali atalandidwa msika wake waukulu.

Mbiri yawo siyosowa zotsutsa. A Henry Morton Stanley, atapeza a Livingstone ku Ujiji mu 1871, anadzudzula a Kirk kuti sanasamale potumiza katundu wothandiza mnzawoyo. Nkhaniyo inawawawa kwa zaka zambiri, komabe iwo anali mmodzi mwa onyamula bokosi la maliro a a Livingstone ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Ndiponso mphamvu zimene anali nazo pa Sultan zinatsegulira njira ulamuliro wa atsamunda kum'mawa kwa Africa, ndipo atapuma anakhala mmodzi mwa akuluakulu a kampani ya Imperial British East Africa Company. Anachoka ku Zanzibar mu 1886, ndipo anaimira Britain pa msonkhano wa ku Brussels wa mu 1889 ndi 1890 wokambirana za malonda a akapolo.

Ulembe usanduka mankhwala

Pamene a Kirk anali ku Zanzibar, kombe anali pa ulendo wakewake. Mu 1871 katswiri wa zomera wa ku Kew, a Daniel Oliver, anapatsa chomeracho dzina la sayansi lakuti Strophanthus kombe, kusunga liwu la Chimang'anja. Ku Edinburgh a Thomas Fraser anafufuza njerezo kwa zaka zoposa 15, napatula chinthu champhamvu chimene anachitcha strophanthin. Mu 1885 anauza madokotala anzawo kuti chimathandiza odwala amene mtima wawo wafooka. Pasanapite nthawi kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kugulitsa mankhwalawo. A John Buchanan, mlimi wa ku Zomba, anali mmodzi mwa otumiza njere, ndipo kwa zaka zingapo kombe anali pa mndandanda wa katundu wotuluka m'dziko la Nyasaland. Anthu a m'midzi ankatola njerezo m'tchire n'kugulitsa motchipa, pamene phindu lalikulu linkatsalira kunja.

Strophanthin salowa bwino m'magazi akamwedwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene alenje ankadyera nyama yolasidwa osavulala. Cha m'ma 1906 dokotala wa ku Germany, a Albert Fraenkel, anayamba kumupereka kudzera mu mtsempha, ndipo njira imeneyo inagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri m'dzikolo.

Mu 1905, a Kirk ali ndi zaka 72, mlatho wa njanji unamalizidwa kumunsi kwa mathithi amene iwo anawayeza ndi chingwe, ndipo mzinda wa Livingstone unakhazikitsidwa. Amene anatsegulira mlathowo anali a George Darwin, mwana wa a Charles Darwin, amene buku lawo lonena za kusintha kwa zamoyo m'mibadwo linatuluka mu 1859, chaka chomwe a Kirk anali kwa Chibisa. A Kirk anamwalira pa 15 Januwale 1922 ku Sevenoaks, m'dziko la England, ali ndi zaka 89. Anamwalira palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa chimene kombe amagwira m'kati mwa mtima.

Chimene ulembe umagwira

Yankho lake lili pa maenzaimu. Enzaimu ndi chinthu chopangidwa ndi chamoyo chimene chimafulumizitsa kusintha kwa zinthu zina, icho chosatha. Amayi ofulula thobwa amaigwiritsa ntchito akathira chimera m'phala lolimba, phalalo n'kusungunuka ndi kutsekemera. Mizu ya munkoyo imachita chimodzimodzi, ndipo malovu amayamba kugaya nsima isanafike m'mimba. Mu 1926, patapita zaka 4 a Kirk atamwalira, a James Sumner a ku America anaonetsa kuti enzaimu imene anapatula ku nyemba inali puloteni. Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda ya mitundu 20, yotchedwa ma amino asidi, chimene chimapindika mwa njira yakeyake. Ndondomeko ya mikandayo imalembedwa mu DNA ndipo mwana amaitengera kwa makolo.

Mu 1953 a Hans Schatzmann a ku Switzerland anapeza kuti mankhwala a mtundu wa strophanthin amaletsa maselo ofiira a magazi kutulutsa sodiyamu ndi kulowetsa potaziyamu. Sodiyamu ndi amene ali mu mchere wa m'ndiwo, ndipo potaziyamu amapezeka m'nyemba, nthochi ndi chidulo. Mu 1957 a Jens Christian Skou a pa yunivesite ya Aarhus ku Denmark, pofufuza minyewa ya nkhanu, anapeza enzaimu imene imagwira ntchito imeneyo. Chimodzi mwa zimene zinatsimikiza kuti ndi yomweyo chinali chakuti ouabain, mbale wake wa strophanthin wochokeranso ku ulembe wa mu Africa, ankaiimitsa. A Skou analandira mphoto ya Nobel mu 1997.

Enzaimu imeneyi ndi pampu imene ili pa khungu la maselo a nyama. Nthawi iliyonse ikazungulira imatulutsa tizidutswa 3 ta sodiyamu ndi kulowetsa 2 ta potaziyamu, ndipo imawononga kachinthu kamodzi kotchedwa ATP, kamene kali ngati mafuta a selo. Kusiyana kwa michere kumene kumakhalapo pakati pa kunja ndi m'kati mwa selo kuli ngati batire, ndipo ndi kumene kumayendetsa uthenga m'minyewa, kugunda kwa mtima ndi ntchito ya impso. Munthu akangokhala phee, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito limathera pa pampu imeneyi, ndipo mu ubongo gawolo limafika cha pa theka.

Kombe akaimitsa mapampu ochepa, sodiyamu amachuluka pang'ono m'maselo a mtima, zimene zimachititsa kuti kashiamu achulukenso, ndipo mtima umafinya mwamphamvu ndi modekha. Akaimitsa ambiri, mtima umasokonezeka n'kuima. Zimene a Kirk anamva atatsuka mano ndi zimene zinkagwetsa nyama ya mlenje ndi chinthu chimodzi, kusiyana kwake ndi muyezo.

Malire amene enzaimu singadumphe

Maenzaimu sathamanga mofanana. Ina ya m'maselo ofiira a magazi, imene imathandiza kunyamula mpweya woipa, imatha kugwira ntchito pafupifupi ka 1 miliyoni pa sekondi imodzi. Imeneyo yafika pafupi ndi malire a chilengedwe, pakuti enzaimu singasinthe chinthu chimene sichinaifike. Koma zotere ndi zochepa. Kafukufuku wa mu 2011 wa akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel, amene anayerekeza maenzaimu masauzande angapo, anapeza kuti enzaimu wamba imagwira ntchito pafupifupi ka 10 pa sekondi. Chifukwa chimodzi n'chakuti zamoyo sizisintha pofuna kupambana mpikisano wa liwiro. Enzaimu ikafika pokwanira kuti mwini wake akhale ndi moyo ndi kubereka, palibenso chimene chimaikankha kuti ithamange koposa. Chifukwa china ndi mtundu wa ntchito imene yapatsidwa.

Pampu ya sodiyamu imazungulira pafupifupi ka 100 pa sekondi, pamene timabowo tina ta pa khungu la selo timadutsitsa tizidutswa mamiliyoni pa nthawi yomweyo. Timabowoto timangotsegula, zinthu n'kumatsetsereka zokha. Pampu imakankhira zinthu kumtunda, kumene sizikufuna kupita. Ili ngati mpata wa zipata ziwiri wolowetsera ng'ombe m'khola: chipata chakutsogolo sichitsegulidwa chakumbuyo chisanatsekedwe, apo ayi ng'ombe zonse zibwerera. Iyeneranso kusiyanitsa sodiyamu ndi potaziyamu, amene amafanana kwambiri ndipo amangosiyana kukula pang'ono. Kutsegula, kutseka ndi kusankha kumeneku kumadya nthawi, ndipo pampu imene ingafulumire mwa kutsegula zipata zonse pamodzi yasiya kukhala pampu.

Zithunzi za kapangidwe ka enzaimuyi, zimene zinayamba kupezeka mu 2007, zinaonetsa pamene ulembe umakhala. Umalowa kuchokera kunja kwa selo n'kutsekera pa mpata womwewo umene potaziyamu amalowera, pampuyo n'kuuma ili chotsegula mbali imodzi. N'chifukwa chake wodwala amene ali ndi potaziyamu wochepa m'magazi amavulala msanga ndi mankhwala a mtundu umenewu. N'chifukwa chakenso ulembe umodzi umapha nyama zosiyanasiyana ndi munthu yemwe. Chigawo chachikulu cha pampuyi chili ndi mikanda pafupifupi 1,000, koma ya pa mpata umenewu yakhala yofanana m'nyama zambiri kwa zaka mamiliyoni mazanamazana, pakuti kuisintha kumaononga ntchito imene moyo umadalira.

Zamoyo zimene zinapeza njira

Komabe pali zamoyo zimene zimadya chiphe chotere osafa. Mbozi za gulugufe wa ku America wotchedwa monarch zimadya masamba a zomera za banja limodzi ndi kombe, ndipo zimasunga chiphecho m'thupi kuti mbalame zisazidye. Asayansi atawerenga ndondomeko ya mikanda ya pampu yake anapeza kuti yasintha pa malo atatu, a nambala 111, 119 ndi 122. Mbale wake wa kuno ku Africa, gulugufe wofiirira wa mawanga oyera amene amaoneka m'minda ya ku Zambia ndi Malawi, anasintha pang'ono chabe ndipo amapirira chiphe chocheperapo.

Chodabwitsa n'chakuti zamoyo zosayandikana konse zinafika pa malo omwewo. Tizilombo tina touluka ndi tokwawa todya zomera zimenezi, makoswe ndi mbewa, achule amene amapanga chiphe chofanana pakhungu pawo, ndi njoka zina zodya achulewo, zambiri zinasintha mikanda ya pa 111 kapena 122, kapena yonse iwiri. Ng'azi za ku Africa ndi ku Asia zili ndi pampu yopirira ndipo zimadya achule otere. Abale ake a ku Australia alibe, ndipo achule aululu atabweretsedwa m'dzikolo mu 1935, ng'azi zambiri zinafa chifukwa chowadya. Pa mikanda 1,000, njira zothawira ulembe popanda kupha pampu ndi zowerengeka, ndipo chilengedwe chimabwerera pa zomwezo.

Ngakhale njira zimenezo zili ndi mtengo wake. Mu 2019 gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi a Noah Whiteman a pa yunivesite ya California ku Berkeley linasintha DNA ya ntchentche zazing'ono za pa zipatso, kuika masinthidwe a gulugufe uja limodzilimodzi. Ntchentche zokhala ndi onse atatu zinapirira chiphe kuwirikiza pafupifupi ka 1,000 kuposa zinzake. Koma zikagwedezedwa mwamphamvu zinkakomoka ndi kuchedwa kutsitsimuka, kusonyeza kuti minyewa yake yafooka. Kusintha kwa pa 122 kukakhala kokha vutolo linkakula, ndipo kwa pa 119 kunkalichepetsa. Izi zikusonyeza kuti masinthidwewo anayenera kubwera motsatana bwino, lina kukonzera linzake malo. Tizilombo tina tinapeza njira ina: tili ndi mitundu ingapo ya pampuyi, ina yopirira chiphe koma yofooka pa ntchito, ina yamphamvu koma yosapirira, ndipo iliyonse imagwira ntchito m'chiwalo chimene ikuyenera.

Munthu alibe chitetezo chotere. Lero strophanthin sagwiritsidwanso ntchito kawirikawiri, koma mnzake wotchedwa digoxin, wochokera ku duwa la ku Ulaya la foxglove, amagwira pa enzaimu yomweyo ndipo akuperekedwabe m'zipatala kwa odwala ena a mtima. Madokotala amamupereka mosamala kwambiri chifukwa muyezo wochiza ndi wopha ndi woyandikana. Pa chifukwa chomwecho njere za kombe si zoyesera kunyumba, ndipo maluwa a oleander, amene amabzalidwa m'mabwalo a nyumba ndi m'mbali mwa misewu ya m'matauni, ali ndi chiphe cha mtundu womwewo ndipo ndi oopsa kwa ana ndi ziweto.

Maina amene anatsala

Ku Livingstone Museum, nyumba yosungira zakale imene inakhazikitsidwa mu 1934, alendo amaona makalata ndi katundu wa a David Livingstone. Dzina la a Kirk limapezeka kwambiri m'tchire. Mapiri a Kirk Range, m'malire a Malawi ndi Mozambique cha ku Ntcheu ndi Neno, amatchedwa ndi dzina lawo. Mtengo wa masuku, umene zipatso zake zimagulitsidwa m'misewu ya ku Chipata, Lusaka ndi Lilongwe mvula ikayamba, umatchedwa Uapaca kirkiana m'mabuku a sayansi. Palinso kagwape kakang'ono ka kum'mawa kwa Africa ndi nyani wofiira wa ku Zanzibar zimene zili ndi dzina lawo.

Alenje amene anayamba kudziwa mphamvu ya njerezo, kuyesa muyezo wake ndi kuphunzitsa ana awo mnofu woyenera kutaya, maina awo sanalembedwe, ndipo pa malonda a mankhwalawo sanapatsidwe gawo. Nkhani zotere ndi zina mwa zimene zinachititsa maiko kugwirizana pa pangano la ku Nagoya la mu 2010, lonena kuti eni zomera ndi eni nzeru za makolo azifunsidwa ndi kupindula nawo pamene chuma chawo chatengedwa kukapangira mankhwala. Zambia ndi Malawi ali m'gulu la maiko amene analowa m'panganolo. Chimene chinatsala cha alenje a ku Shire ndi liwu lawo, pakuti m'mabuku a zamankhwala a maiko onse chomeracho chikutchedwabe kombe.